Agogo akavula magalasi aja, pakhale wowamvera

M'nyumba zambiri zosungirako okalamba ku America masiku ano muli kabokosi kamene kamatuluka m'kabati masana, anthu akatha kudya. M'kabokosimo mumakhala magalasi akuluakulu ophimba maso onse, ofananako ndi aja amavala owotcherera zitsulo, olemera pafupifupi theka la kilogalamu. Agogo a zaka 90, amene miyendo idawakana kalekale, amawavala ali pampando wawo wamatayala, ndipo chipinda chija chimazimirira. Akayang'ana kutsogolo akuona mafunde akugavira m'mphepete mwa nyanja, akacheuka akuona mchenga ndi mitengo, akaweramutsa mutu akuona mbalame zikudutsa. Ena amatambasula dzanja kuti akhudze madzi. Ena amaseka. Ena amangoti duu, misozi ikutsika pansi pa galasi.

Lusoli pa Chingerezi amati virtual reality, ndipo ambiri amangoti VR. Palibe zamatsenga m'menemo. Malo amajambulidwa ndi kamera yokhala ndi maso awiri oyang'ana mbali zosiyana, motero imatenga kutsogolo, kumbuyo, kumwamba ndi pansi nthawi imodzi. Mkati mwa magalasi muli kasikirini pafupi ndi maso, komanso timakina tomva kumene mutu watembenukira. Mukatembenuka, chithunzi chimatembenuka nanu nthawi yomweyo, ndiye ubongo umavomereza kuti muli komweko. Kanema wa pa TV mumamuonera chapatali. Uyu amakuzingani.

Makampani ngati Rendever ya ku Boston, imene idayamba mu 2016, ndi Mynd Immersive ya ku Dallas akugulitsa lusoli ku nyumba za okalamba ndi lonjezo lalikulu: kuti lichepetsa kusungulumwa, nkhawa ndi kuvutika maganizo. Ine ndimakhulupirira kuti magalasiwa ali ndi phindu lenileni, ndipo sindigwirizana ndi amene amawaseka kuti ndi zidole za azungu. Koma ndaona kuti phindulo tikulifuna pamalo polakwika. Magalasi amatsegula pakamwa pa munthu amene adasiya kulankhula. Ngati pakamwapo patseguka m'chipinda mopanda womvera, kapena ngati malo amene agogo aonetsedwa si kwawo, ndalama zonse zija zapita m'madzi.

Vuto limene akuti akulimbana nalo si lopeka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 alionse a zaka 60 kupita m'tsogolo, pafupifupi 14 ali ndi vuto lina la m'maganizo, makamaka nkhawa ndi kukhumudwa kosatha. Anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matenda oiwalaiwala, aja madokotala amati dementia, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse a iwowa ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Pofika 2030, munthu mmodzi mwa 6 alionse padziko adzakhala ndi zaka 60 kapena kuposa. Mu Meyi 2023 mkulu wa zaumoyo ku America, Vivek Murthy, adachenjeza kuti kusowa anthu ocheza nawo kumafupikitsa moyo mofanana ndi kusuta ndudu zofika 15 pa tsiku. Britain idasankha nduna yoona za kusungulumwa mu 2018, Japan idachitanso chimodzimodzi mu 2021. Kenako kumbukirani chaka cha 2020, pamene Covid idatseka zitseko za nyumba za okalamba, ana n'kumaonera makolo awo pawindo. Amene adaona zimenezo sangadzudzule woyang'anira nyumba yotere akamafunafuna chilichonse chimene chingabwezeretse kumwetulira pankhope za anthu ake.

Nanga umboni ukuti chiyani? Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri ndi wa pa yunivesite ya Stanford, wochitidwa mogwirizana ndi kampani ya Mynd. Adatenga anthu 245 a zaka kuyambira 65 kufika 103, m'nyumba zosungirako okalamba. Pafupifupi 80 mwa 100 alionse adati atavula magalasi adamva kupepukidwa mumtima, ndipo pafupifupi 60 mwa 100 adati kusungulumwa kudachepako. Manambalawa ndi okoma, ndipo sindiwakayikira. Koma tiwawerenge modekha. Munthu amene wakhala miyezi akuyang'ana khoma lomwelo, lero alendo abwera, amupatsa moni, amukhazika bwino, amuonetsa chinthu chachilendo, kenako amufunsa kuti “mwamva bwanji?” Ndani angayankhe kuti sadasangalale? Kusangalala kwa masana amodzi ndi chinthu chabwino, koma matenda ovutika maganizo amayezedwa pa miyezi. Pamafunika kudziwa ngati munthu uja wayamba kugona bwino, kudya, kudzuka yekha kukakhala pakhonde, patapita miyezi 6. Pamafunikanso gulu lina loyerekezera, limene lidachezeredwa nthawi yofanana koma popanda magalasi. Zotere n'zotheka: mu Novembala 2021 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidavomereza pulogalamu ya VR yothandiza odwala msana wosatha, itayesedwa kwa masabata 8 poyerekeza ndi gulu lina. Ogulitsa magalasi ngati mankhwala a kusungulumwa ayenera kufunsidwa umboni wa mtundu womwewo, makamaka pamene kampani yogulitsayo ili nawo m'kafukufuku.

M'kafukufuku wa ku Stanford yemweyo muli nambala ina imene kwa ine ndi yolemera kuposa zinazo. Okalamba oposa 80 mwa 100, ndi owasamalira pafupifupi 95 mwa 100, adati kukambirana zimene adaona m'magalasi kudalimbitsa ubale wawo. Kukambirana. Mawu amenewa amabweranso kulikonse kumene lusoli layenda bwino. Ku yunivesite ya Kent ku England, ofufuza adalemba mu 2019 za odwala matenda oiwalaiwala 8 a pachipatala china cha ku Northampton, amene adaonetsedwa nkhalango, magombe, tchalitchi chachikulu ndi minda ya kumudzi. Mmodzi ataona mlatho adakumbuka ulendo wina wakale, n'kuyamba kuufotokoza. Owasamalira adamva zinthu za moyo wa odwala awo zimene sadazidziwepo, ngakhale ankawasambitsa ndi kuwadyetsa tsiku ndi tsiku. Ku yunivesite ya California ku Santa Barbara, Tamara Afifi ndi anzake adayesa njira ina ndi mabanja 21: wokalamba ali m'nyumba yosungirako anthu, mwana wake ali kutali, onse avala magalasi nthawi imodzi, akuyendera limodzi malo akale ndi kuona zithunzi za banja uku akulankhulana. Anthu 8, mabanja 21, ndi owerengeka, ndipo palibe angamange lamulo pa iwo. Komabe onse akuloza kumodzi.

Kumene akulozako si kwachilendo. Mu 1963 dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, Robert Butler, adalemba kuti wokalamba akamabwerezabwereza za kale si chizindikiro choti mutu wasokonekera. Ndi ntchito imene munthu amagwira kumapeto kwa moyo, kusanja zimene adadutsamo kuti azimvetse ndi kukhazikika nazo mtima. Kuchokera pamenepo kudabadwa chithandizo chokumbutsa zakale, chogwiritsa ntchito zithunzi, nyimbo, fungo la chakudya, ngakhale chitsulo chositira cha makala. Mu 2018 gulu la Cochrane, losanthula kafukufuku wa zachipatala, lidasonkhanitsa kafukufuku 22 wa chithandizochi, wokhudza anthu pafupifupi 2,000, n'kupeza kuti phindu lilipo pa kulankhulana ndi pa kakhalidwe ka mtima, koma ndi laling'ono ndipo limadalira mmene ntchitoyo yachitikira. Magalasi a VR ndi mwana wa chithandizo chimenechi. Mphamvu yake ndi yoti amakumbutsa mwamphamvu kuposa chithunzi cha papepala. Malire ake ndi omwe aja a kholo lake.

Ife tidakulira pafupi ndi agogo tikuidziwa ntchitoyi, ngakhale sitidaipatse dzina. Agogo anga aamuna adagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo m'zaka zawo zomaliza ankaiwala kuti adya kale nsima, koma mukangowaonetsa chikho chawo chakale chachitsulo ankatchula mayina a anzawo onse a m'komponi, mmodzimmodzi, ndi midzi imene adachokera. Tsiku limene tidakhala pansi kuwamvera ankagona msanga usiku. Tsiku limene tidawadula kuti “agogo, imeneyo mudatiuza kale” ankangoyang'ana pansi mpaka dzuwa kulowa. Ndimadzimvera chisoni ndikakumbuka kuti masiku achiwiriwo ndiwo adachuluka.

Apa ndiye pali mantha anga oyamba. Aliyense amene ali ndi m'bale wogwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain, ndipo kuyambira 2022 ambiri ochokera ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi adapita kukagwira ntchito imeneyi, adamvapo mmene tsiku limayendera: anthu ambiri oti asambitsidwe, avekedwe, adyetsedwe, amwetsedwe mankhwala, manja ochepa, ndi mapepala oti alembedwe pa chilichonse. M'nyumba yotere TV idasanduka kale mlezi. Okalamba amaikidwa mozungulira, TV ikulira, wantchito n'kuthamangira kwina. Magalasi angathe kukhala mlezi woposa TV, chifukwa munthu wowavala sayendayenda, saitana, ndipo saona kuti wasiyidwa yekha. Mwini nyumba amene akuwerengera ndalama adzaona msanga kuti chipangizo chogula kamodzi n'chotsika mtengo kuposa malipiro a wantchito wina. Ana amene ali kutali nawonso mtima ungawakhale pansi, kumati amayi adapita ku Paris dzulo m'magalasi, ulendo wokawaona tiusunthe mwezi wamawa. Zikafika pamenepo, chida chimene chidabwera kudzachepetsa kusungulumwa chikhala chikukubisa. N'chifukwa chake ndimati nyumba iliyonse yogula magalasi iziwerengera pamodzi ndi mtengo wake nthawi ya munthu wokhala pambali: mphindi 10 zoonera, mphindi 30 zocheza. Ngati nthawi yochezayo palibe, asagule.

Mantha achiwiri ndi amene amandikhudza kwambiri, ndipo sakambidwa kawirikawiri. Kodi m'magalasimo muli kwawo kwa yani? Akatswiri a za kukumbukira adapeza kalekale kuti munthu akakalamba amakumbukira bwino kwambiri zimene zidachitika ali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 30. Opanga makanemawa amadziwa zimenezi. Ku Britain gulu lina lidapanga kanema wa VR wotchedwa The Wayback, woonetsa phwando la mumsewu la tsiku limene Mfumukazi Elizabeth idavekedwa ufumu mu Juni 1953, ndi zovala, makeke ndi nyimbo za nthawiyo, kuti odwala matenda oiwalaiwala abwerere ku ubwana wawo. Ntchito yabwino kwambiri kwa amene adakulira m'misewu imeneyo. Kwa munthu wa ku Nyasaland, 1953 ndi chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba, ndipo makeke a ku London sangamukumbutse kanthu. Amene ali ndi zaka 80 lero kwathu kuno unyamata wake uli pa 6 Julayi 1964, pa sitima ya Ilala ikufika padoko, pa msika wa fodya, pa chinamwali, pa kwaya ya ku mishoni, pa gule wa usiku wa mwezi. Palibe kampani ya ku Boston kapena ku Dallas imene idzajambule zimenezi, chifukwa ogula ake sazifuna.

Chimene chimagwetsa anthu misozi kwambiri m'nyumba za ku America ndi pamene wantchito alemba adiresi ya nyumba imene agogo adabadwiramo, ndipo magalasi amawaimika pakhomo pake. Izi zimatheka chifukwa cha Google Street View, imene kuyambira 2007 yakhala ikujambula misewu ndi magalimoto okhala ndi kamera padenga. Koma pali malo ambiri kumene magalimotowo sadafike. Tawanda Kanhema, wa ku Zimbabwe wokhala ku America, adafuna kuonetsa anzake kwawo ku Harare n'kupeza kuti mzinda wonsewo mulibe. Mu 2018 adabwereka kamera, n'kuwononga ndalama zake pafupifupi madola 5,000 kuyenda ndi kujambula dziko lake yekha. Ngati likulu la dziko lidafunika munthu mmodzi wodzipereka chotero, kanjira kopita kudambo m'mudzi wa ku Ntchisi kapena ku Katete kadzajambulidwa ndi yani?

Ndikamaganiza za amene lusoli lingawathandize koposa, maganizo anga amapita kwa matchona. Kwa zaka zambiri anyamata ankachoka ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete, ena pansi, ena kudzera m'mabungwe olemba anthu ntchito a Mthandizi kapena Wenela, kupita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Ambiri adabwerera ndi njinga ndi sutikesi. Ambirinso sadabwerere. Adakalambira ku Mbare, ku Mufakose, ku Hwange, m'makomponi a migodi imene idatsekedwa. Ofufuza za ukalamba ku Zimbabwe akhala akupeza kuti ambiri mwa okhala m'nyumba zosungirako okalamba kumeneko ndi ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, chifukwa alibe mudzi wapafupi wowalandira. Munthu wotere adachoka ali ndi zaka 18. Amakumbukira phiri limene linali kuseri kwa nyumba ya mayi ake, mtengo wa mkuyu pabwalo la mfumu, mwala umene ankachapirapo. Ndalama ya basi alibe, chiphaso alibe, thupi silingapirire ulendo. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ngati pali munthu padziko amene ayenera kuimikidwa pakhomo pa kwawo kwa mphindi 10 asanatsikire kuli chete, ndi ameneyu. Ndipo mawa zidzakhalanso choncho kwa anamwino, aphunzitsi ndi osamalira odwala amene lero akukhazikika ku Leeds, ku Dublin ndi ku Cape Town. Matenda oiwalaiwala nthawi zambiri amayamba kufufuta chilankhulo chimene munthu adaphunzira atakula, n'kumusiya ndi cha kwa mayi ake. Tidzakhala ndi agogo olankhula Chichewa chokha m'nyumba mmene mulibe wochimva, akuonetsedwa magombe a ku Cornwall.

Ndisabise kuti kubwerera kwawo kungapwetekenso. Mudzi umene munthu adausiya mu 1960 lero uli ndi nyumba zamalata, mkuyu uja adaudula, dambo lidauma, manda adakula. Kwa amene adathawa nkhondo ya ku Mozambique, msewu wa kwawo ungadzutse zimene akhala akuyesetsa kuzigoneka kwa zaka 40. Wodwala matenda oiwalaiwala angalephere kusiyanitsa chithunzi ndi zenizeni, n'kudzuka kuti akalowe m'nyumba ya mayi ake, kapena kulira akaona kuti wabwezedwa mwadzidzidzi m'chipinda chachilendo. Palinso za thupi: maso akamauza ubongo kuti tikuyenda pamene khutu lamkati likuti takhala pansi, munthu amamva chizungulire ndi mseru, ndipo kwa wokalamba kugwa kumodzi kungathyole chiuno. A ku Stanford adapezanso kuti amene maso ndi makutu zidafooka sadasangalale nawo kwenikweni. Zonsezi zikubwerera pamalo amodzi. Wodziwa mbiri ya munthuyo ndi amene angadziwe malo oti amuonetse ndi oti awapewe, ndipo wokhala pambali ndi amene angaone manja akuyamba kunjenjemera n'kuvula magalasi msanga. Chilolezo nachonso chipemphedwe tsiku lililonse. Agogo akakana, akana.

Ndikumva kale wowerenga wina akuti: bambo, m'midzi yambiri mulibe magetsi, m'zipatala mukusowa mankhwala a BP, inu mukukamba za magalasi a madola 300? Akunena zoona, ndipo sindikupempha boma lililonse la kuno kuti liike ndalama ya msonkho pa zimenezi. Zoyamba zilipo, ndipo n'zodziwika. Mu 2024 akatswiri a magazini ya zachipatala ya Lancet adatchula zinthu 14 zimene zitapewedwa zingachepetse matenda oiwalaiwala ndi pafupifupi 45 mwa 100, ndipo mwa izo muli kusamva, kusaona kosathandizidwa, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kukhala kwayekha. Gogo amene ali ndi ng'ala akufunika opaleshoni ya diso, imene imamubwezera dziko lenileni, ndi nkhope za zidzukulu zake. Ndipo kwathu kuno wokalamba woiwalaiwala, amene wapezeka m'mawa pakhomo pa eni osadziwa mmene wafikirapo, amakumana ndi choopsa choposa kusungulumwa. Amatchedwa mfiti. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi adaphedwa mphezi itapha mtsikana. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, koma lamulo lili papepala silidafike m'mitima ya anthu. Kuphunzitsa mudzi kuti kuiwala ndi matenda a ubongo kuli patsogolo pa chipangizo chilichonse.

Ku Harare komweko kuli chitsanzo chimene ogulitsa magalasi ayenera kuchiphunzira. Dokotala Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench ku Mbare mu 2006: benchi yamatabwa panja pa chipatala, ndi agogo aakazi ophunzitsidwa kumvera anthu ovutika maganizo ndi kuwathandiza kusanja mavuto awo limodzilimodzi. Idayesedwa mwa njira yovuta ija, anthu 573, magulu awiri, miyezi 6, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2016. Mwa amene adakhala pa benchi, pafupifupi 14 mwa 100 ndiwo adali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene m'gulu linalo adali pafupifupi 50 mwa 100. Ambiri mwa othandizidwawo sadali okalamba, ndiye sindikuti benchi ndi magalasi zidapikisana pa anthu amodzi. Chimene ndikuona ine n'chakuti kumvera kudayezedwa ndipo kudapambana mayeso amene magalasi sadawapambanebe. Ndikuonanso kuti pa benchi paja okalamba ndiwo ochiritsa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pamene makampani amaona wokalamba ngati munthu woti asangalatsidwe, benchi idamuona ngati munthu amene ali ndi choti apereke. Magalasi ogwiritsidwa bwino ntchito amachitanso chimodzimodzi: agogo akaima pa msika wa kwawo amasanduka mphunzitsi, wantchito kapena mdzukulu n'kukhala wophunzira.

Ndiye pempho langa likupita kwa achinyamata amene ali ndi mafoni ndi makamera, kwa mipingo imene ili ndi nthambi ku Lilongwe ndi ku Bulawayo, kwa magulu a anthu akwathu okhala kunja amene amasonkherana ndalama za maliro. Mwa ndalama zimene timasonkha kuti mtembo ubwerere kumudzi, kachigawo kochepa kangathe kubweretsa mudzi kwa munthu akadali moyo. Kamera yojambula mbali zonse imagulidwa madola mazana ochepa, ndipo imodzi ingakwanire mpingo wonse. Kuonera sikulira magalasi odula: mu 2014 Google idaonetsa kuti katoni yopinda bwino, timagalasi tiwiri ndi foni zimakwana. Kumene zimenezi kulibe, vidiyo wamba yotumizidwa pa WhatsApp ndi poyambira pabwino, bola ijambulidwe ndi cholinga.

Kajambulidwe kake kali ndi mwambo wake. Musanapite kukajambula, khalani pansi ndi agogowo muwafunse: mtsinje dzina lake n'chiyani, njira yopita ku tchalitchi inkadutsa pati, phiri linkaoneka mbali iti mukaima pakhomo, pali malo amene safuna kuwaona? Mukafika kumudziko pitani kaye kwa mfumu, mufotokoze, ndipo musajambule munthu amene sadavomere. Kamera muiike pamwendo wake pa msinkhu wa munthu wokhala pampando, isagwedezeke, isayende, chifukwa kuyenda kwa chithunzi ndi kumene kumadzetsa chizungulire. Muisiye mphindi zingapo pamalo amodzi. Musaikemo nyimbo za pa wailesi. Mawu a malowo ndiwo ofunika: tambala, musi ukugunda mumtondo, ana akuitanizana, njiwa, belu la sukulu. Ngati n'kotheka jambulani kawiri, m'dzinja chimanga chili chobiriwira, ndi m'chilimwe utsi wa lupsa uli m'mapiri. Ngati m'mudzimo mwatsala wachikulire wa msinkhu wawo, mumupemphe ayang'ane kamera apereke moni m'dzina la mfunda wawo: a Phiri, a Banda, a Mbewe, a Nkhoma, tikadalipo kuno.

Tsiku lowaonetsa, muwakhazike pampando wokhala ndi mogwira, muwagwire dzanja, foni yanu muizimitse. Akavula magalasi musafulumire kuwafunsa ngati asangalala. Muwafunse kuti nyumba ija ya kumanzere inali ya yani. Akayamba kutchula mayina, tengani kope ndi cholembera, chifukwa ena mwa mayinawo palibenso wina wamoyo amene akuwadziwa.